Miyezi 7 pa rimandi chifukwa cha chitupa ndi womasulira: tiyambire pati?

Nabanda, paraligo, Epworth

Akuluakulu ndi anzanga pa ntchito, ndabwera ndi nkhani imene ndikufuna nzeru zanu lisanafike tsiku lobwereranso kukhoti. Pali bambo wina wa zaka zopitirira 50, amene dzina lake sinditchula, yemwe anamangidwa pomuganizira kuti anaba mapaipi othirira mbewu pa famu ina kunja kwa Harare, kumene ankagwira ntchito ya ulonda. Pano watha miyezi 7 ali pa rimandi ndipo mlandu wake sunayambe kuzengedwa. Bamboyu anabadwira konkuno, pa famu ya fodya cha ku Mazowe, kwa makolo amene anachokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu a ku Malawi ntchito za kuno, koma mayi ake atamwalira anatumizidwa kumudzi kwa agogo ake ali wamng'ono, n'kudzabwerera kuno m'zaka za m'ma 1990 ali kale munthu wamkulu. Pa chifukwa chimenechi Chishona chake n'chongogulira ndiwo pamsika, ndipo Chingerezi sachidziwa n'komwe.

Belo anamukaniza tsiku loyamba lomwe, analibe loya. Woyimira boma ananena kuti chitupa chake chili ndi chizindikiro cha mlendo, kuti ali ndi abale ku Malawi, komanso kuti nyumba imene ankakhala ndi ya kukomboni kwa famu yomwe ikumudandaulayo, choncho alibe pokhala podziwika. Kuchokera pamenepo amaonekera masiku 14 aliwonse, nthawi zina kudzera pa kanema ali kundende konko, ndipo chifukwa choyimitsira mlandu chimangosinthasintha: lero womasulira Chichewa palibe, ulendo wina doketi (failo ya apolisi ya mlanduwo) ili kupolisi, ulendo winanso mboni sizinayitanidwe. M'doketimo mulinso sitetimenti imene anadinda chala kupolisi, yolembedwa m'Chishona ndi m'Chingerezi, imene ikumveka ngati akuvomera, pomwe iye akulimbikira kuti chimene ananena n'chakuti anapeza mapaipiwo atasowa kutacha.

Chimene chikundithamangitsa n'chakuti anzake a m'ndende amulangiza kuti angovomera mlanduwo kuti zithe, ndipo mkazi wake, amene akuvutika yekha ndi ana, wayamba kugwirizana nazo. Ine monga paraligo, wothandiza anthu pa za malamulo koma wosakhala loya, sindingayime pamaso pa khoti, ndipo loya amene wavomera kumuyimira kwaulere ali ndi milandu yambiri, moti wandipempha kuti ndimukonzere zonse. Kodi tiyambe ndi apilo ya belo ku High Court, tikakamire kaye za womasulira, kapena tipemphe kuti khoti likane kumuikanso pa rimandi?

A Mbewe, loya

Mayi Nabanda, ndisanayankhe funso lanu, pitani kaye kwa kalaliki wa khoti mukaone rekodi ya mlanduwo, ndipo mukopere tsiku lililonse limene bamboyo anaonekera, amene anapempha kuti mlandu uyimitsidwe, ndi chifukwa chimene majisitireti analemba ndi dzanja lake. Zimene banja likukumbukira n'zothandiza, koma khoti limakhulupirira zimene zili pa pepala lake lomwe, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti panangolembedwa tsiku lotsatira popanda chifukwa, zimene zimachititsa kuti kuchedwa konseko kuoneke ngati kulibe mwini wake. Muonenso Form 242, imene apolisi amadzaza popempha rimandi, chifukwa pamenepo amatchula tsiku limene akuyembekeza kumaliza kufufuza.

Za apilo ine sindikuilimbikitsa pakali pano. Pa apilo ya belo pansi pa gawo 121 la Criminal Procedure and Evidence Act, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, woweruza wa High Court amayang'ana zimene zinali pamaso pa majisitireti tsiku limenelo n'kudzifunsa ngati anasokonekera poganiza, ndipo popeza bamboyo analibe womuyimira ndipo sananene kanthu kotsutsa zoti ndi mlendo wopanda pokhala, rekodiyo yadzaza ndi mawu a boma okhaokha. Njira imene ndikuiona ndi kubwerera kukhoti lomwelo ndi pempho latsopano la belo chifukwa zinthu zasintha, monga mmene gawo 116 limalolera, bola mukhale ndi mfundo zimene sizinaperekedwe poyamba ndipo zachitika kapena zadziwika chigamulo chija chitaperekedwa kale. Kutha kwa miyezi 7 boma lisanakonzeke ndi mfundo yotero.

Mfundo ina ndi ya unzika. Gawo 43(2) la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa tsiku losindikizalo, lomwe ndi 22 Meyi 2013, ndi nzika mwa kubadwa. Anthu athu ambiri akuyendabe ndi zitupa zakale, makamaka amene anasiyidwa panja ndi kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001, koma unzika wawo umachokera m'malamulo a dziko, osati pa chizindikiro cha pa chitupa. Kumbukiraninso kuti pa mlandu wa kuba wamba udindo wosonyeza zifukwa zamphamvu zomusungira munthu uli pa boma, malinga ndi gawo 50(1)(d) la malamulo a dziko ndi gawo 115C la lamulo lija la kayendetsedwe ka milandu. Pa tsiku loyamba lija udindowo unangotembenuzika chifukwa panalibe woukumbutsa.

A Mwale, womasulira wopuma pa ntchito

Ine ndilankhulepo za mbali imene ndinagwira mpaka kupuma. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6 la malamulo a dziko lino, ndipo gawo 70(1)(j) limapatsa woyimbidwa mlandu ufulu woti zonse zochitika pozenga mlandu zimasuliridwe m'chilankhulo chimene amamva. Komabe omasulira ambiri m'makhoti a kuno ndi a Chishona, Chindebele ndi Chingerezi, ndipo odziwa Chichewa bwinobwino ndi ochepa, moti sakhala chikhalire m'khoti limodzi kudikira. Amayenera kupemphedwa nthawi ilipo. Chimene ndinkachiona kawirikawiri n'chakuti woyimira boma amaganiza kuti kalaliki wapempha, kalaliki amaganiza kuti woyimira boma wapempha, ndipo woyang'anira omasulira amadzamva za nkhaniyo m'mawa wa tsiku lomwelo, omasulira onse atagawidwa kale. Choncho loya wanu alembe kalata kwa woyang'anira omasulira pa khotilo, yotchula nambala ya mlandu, tsiku, chipinda cha khoti ndi chilankhulo, ipite sabata isanakwane kapena msanga kuposa pamenepo, ndipo kope lina likhale mu rekodi litadindidwa chidindo.

Choopsa chachikulu si kusowa kwa womasulira ayi, koma tsiku limene khoti lidzatope n'kumufunsa bamboyo m'Chishona ngati amamva Chishona. Akuluakulu athu, makamaka okulira m'mafamu, sakana pamaso pa munthu waudindo. Adzagwedeza mutu mwaulemu, rekodi idzalembedwa kuti wasankha Chishona, ndipo mlandu udzayenda iye akungotolako mawu apa ndi apo. Mumufotokozere kuti kunena kuti sakumva si mwano. Ngati womasulira wa khoti sakupezekadi, khoti lingathe kulumbiritsa munthu wina woti amasulire pa mlandu umenewo wokha, koma asakhale wachibale, asakhale inuyo Mayi popeza muli mbali ya woyimbidwa mlandu, ndiponso asakhale mkulu wa mpingo amene amalidziwa banjalo. Kudziwa chilankhulo ndi kumasulira m'khoti ndi zinthu ziwiri, chifukwa munthu wosazolowera amafupikitsa, amawongola mawu a mboni, ndipo nthawi zina amayankha yekha m'malo mwa wofunsidwayo.

Pa sitetimenti ija muyang'ane kumunsi kwake, pamene pamalembedwa amene anamasulira.

Naphiri, loya, kale woyimira boma

Bambo Mbewe anena zoona pa lamulo, koma ndisiyana nawo pang'ono pa kulemera kwa mfundo ya unzika. Ndinakhalapo mbali inayo, ndipo ndikudziwa yankho limene woyimira boma angapereke mosavuta: nzika nayonso imathawa, ndipo munthu amene anakulira ku Dedza akudziwa njira ya ku Nyamapanda ndi Tete kuposa ife. Funso limene gawo 117 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu limafunsa si lakuti munthuyo ndi wa dziko liti, koma ngati adzabwera kudzayankha mlandu ndiponso ngati sadzasokoneza mboni. Unzika uthandiza kuchotsa mawu akuti mlendo, koma chimene chimatembenuza mtima wa majisitireti ndi nyumba yeniyeni ndi munthu weniweni amene akuti ndimusunga ndine. Nyumbayo ikhale kutali ndi famuyo, chifukwa mboni za boma n'zachidziwikire kuti ndi antchito anzake a pakomboni pomwepo. Mwini nyumbayo alembe kalata yolumbira, abwere kukhoti ndi chitupa chake, ndipo mupemphe wapolisi wofufuza mlanduwo kuti akatsimikize malowo tsiku la khoti lisanafike, apo ayi boma lidzapempha sabata ina yokatsimikizira. Inuyo muyambe kupereka malire ake: kukaonekera kupolisi yapafupi, kusayandikira famuyo, ndi ndalama imene banjalo lingakwanitsedi, popeza alipo anthu amene anapatsidwa belo koma akadali m'kati chifukwa chosowa ndalama zochepa.

Ndikupempheninso kuti musaone ngati woyimira boma akuchita dala. M'khoti la rimandi munthu mmodzi amalandira mulu wa madoketi m'mawa, ambiri akuwaona koyamba, ndipo chosavuta kwa iye ndi kupempha masiku ena 14. Doketi imene imadzuka ndi imene ili ndi kalata pamwamba. Loya wanu alembere mkulu wa oyimira boma pa khotilo kupempha tsiku lozengera mlandu pamodzi ndi mapepala a boma, ndiye kuti pepala la mlandu, chidule cha nkhani ndi masitetimenti a mboni.

Za kuvomera mlandu, malangizo a m'ndendewo ali ndi gwero lake. Mu 2023 ndi mu 2024 pulezidenti anakhululukira akaidi oposa 4,000 chaka chilichonse, koma chikhululukiro chotere chimakhudza amene anagamulidwa kale, osati a pa rimandi, choncho amene akuti sanalakwe amaona olakwa akutuluka iye ali pompo. Muwauze bamboyo ndi akazi awo kuti pansi pa gawo 271(2)(b) la lamulo la kayendetsedwe ka milandu majisitireti amafunsa wovomerayo mbali iliyonse ya mlandu, ndipo akangonena kuti sanatenge mapaipiwo khoti limalemba kuti wakana. Kuti kuvomerako kudutse ayenera kunama pamaso pa khoti, kenako n'kusenza mbiri ya kuba imene idzamutsekere ntchito ya ulonda kulikonse, mwinanso n'kulamulidwa kubweza mtengo wa mapaipiwo, popanda chitsimikizo choti chilango chidzakhala ntchito yothandiza anthu osati ndende.

Nabanda

Ndathokoza nonse, ndipo ndapita kukaona rekodi monga munandilangizira, Bambo Mbewe. Pa maulendo 15 amene anaonekera, chifukwa chinalembedwa pa anayi okha, ndipo kusowa kwa womasulira kunalembedwa kamodzi, ngakhale banja likuti kunatchulidwa kangapo. Tsiku lomalizira kufufuza limene lili pa Form 242 linadutsa miyezi yopitirira isanu yapitayo. Bambo Mwale, pa mzere wa womasulira pali dzina la wapolisi yemweyo amene analemba sitetimentiyo, ndipo palibe posonyeza kuti inakatsimikizidwa pamaso pa majisitireti.

Nkhani yabwino ndi yakuti mlongo wake amene amakhala ku Norton, titamupempha kuti afufuze, wapeza kalata ya kubadwa ya bamboyu m'bokosi la malemu bambo awo, yosonyeza kuti anabadwira m'boma la Mazowe, ndipo iye mwini sankadziwa kuti ilipo. Alamu ake avomera kumusunga ndi kumuyimira pa belo. Pasipoti alibe ndipo sanakhalepo nayo ya dziko lino.

A Nkhoma, paraligo

Achemwali, ine ndinayambira ntchito imeneyi ku Lilongwe ndisanasamukire kuno, ndipo nkhani yanu ikundikumbutsa chifukwa chimene ku Malawi anasinthira lamulo. Kumeneko, kuyambira pamene Criminal Procedure and Evidence Code inasinthidwa mu 2010, pali malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu usanayambe: masiku 30 pa mlandu wozengedwa ndi majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha, ndipo boma likafuna kuonjezera liyenera kupempha khoti. Ubwino wa nambala ndi wakuti aliyense angathe kuwerenga, kaya ndi paraligo, woyang'anira ndende kapena mkaidi mwini wake. Kuno gawo 50(6) la malamulo a dziko limati amene sanazengedwe mlandu mu nthawi yoyenera amasulidwe, koma nthawi yoyenera ndi chinthu chofunika loya kuti achitsutsire, ndipo anthu ngati bamboyu loya alibe.

Chinanso chimene tinkachita ndi makhoti a m'ndende. Maparaligo a Paralegal Advisory Service, imene inayamba mu 2000, ankalowa m'ndende, kulemba mndandanda wa amene akhalitsa pa rimandi, amene madoketi awo asowa ndi amene alephera kulipira belo, ndipo majisitireti ankabwera ndi woyimira boma kudzaunika mndandandawo pomwepo. Sankazenga milandu, koma ankapereka belo, kuika masiku, ndi kumasula amene panalibe chifukwa chowasungira. Chikalata cha Lilongwe Declaration cha 2004 chinalimbikitsa mayiko a mu Africa kuti azindikire ntchito ya maparaligo pa chifukwa chomwechi. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo maofesi athu amagwira ntchito ngati mwambiwo ndi chilolezo chochedwera, kuyiwala kuti wodikira mlanduyo ndi munthu amene ntchito yake, thanzi lake ndi sukulu ya ana ake sizidikira.

A Mbewe

Bambo Nkhoma, malire a masiku ndikuwafuna nanenso, koma tisawakweze kupitirira pamene ali. Inu mukudziwa kuposa ine kuti ndende za Maula ndi Chichiri zikadali zodzaza, ngakhale khoti linagamula kale za kudzazana kumeneko pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009, ndipo anthu amapitirira masiku 30 aja chifukwa lamulo silidziwerengera lokha. Chimene chinagwira ntchito kumeneko ndi chachiwiri munatchulacho, munthu wolowa m'ndende ndi cholembera. Ifenso kuno tili ndi chida chimene sitichigwiritsa ntchito mokwanira. Gawo 167A la lamulo la kayendetsedwe ka milandu, limene linalowa mu 2016, limalamula khoti kufufuza kuchedwa kumene kukuoneka kopitirira muyeso, kuyang'ana kutalika kwake, zifukwa zake, amene wakuchititsa ndi mmene kwamupwetekera woyimbidwa mlandu, ndipo khoti lingakane kuyimitsanso mlandu kapena kuuyimitsa poika malire. Mfundo zimenezi si zachilendo, chifukwa Supreme Court inaziyala kale pa mlandu wa In re Mlambo mu 1991. Ndende zathu zinamangidwa kuti zisunge anthu pafupifupi 17,000 ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikusunga oposa 20,000, koma ndi maloya angati amene amatchula gawo limeneli m'khoti la rimandi? Dziko lino linayambitsa bwino chilango cha ntchito yothandiza anthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka Malawi ndi mayiko ena anadzaphunzirako, choncho nzeru zokonzera zinthu sizikusowa.

Kubwerera ku mlandu wathu, Mayi Naphiri anena bwino za nyumba, ndipo tiike imeneyo patsogolo. Koma kalata ya kubadwa ija musaichepetse, chifukwa ndi imene ikutitsegulira khomo la gawo 116: ndi chinthu chimene chadziwika chigamulo choyamba chitaperekedwa. Mlongo wakeyo alembe kalata yolumbira yofotokoza tsiku ndi mmene anaipezera, kuti boma lisanene kuti inalipo kale ndipo anangoibisa.

A Zimba, loya wongoyamba kumene

Akuluakulu, mundikhululukire ngati ndikufunsa zodziwika kale. Kodi IECMS, dongosolo la pa kompyuta losungira mapepala a milandu la bungwe loyang'anira makhoti la Judicial Service Commission, limene linayamba mu 2022 ku Constitutional Court, Supreme Court ndi ku nthambi ya zamalonda ya High Court ndipo likufalikira pang'onopang'ono kumakhoti a majisitireti, silidzathetsa mavuto otere, popeza mapepala sadzasowanso ndipo tsiku lililonse lidzaoneka pa kompyuta?

Naphiri

Lidzathandiza pa rekodi ya khoti, achimwene, ndipo zimenezo si zazing'ono, chifukwa failo imene ili pa kompyuta siigwera kuseri kwa kabati. Koma doketi ndi ya apolisi ndi oyimira boma, ndipo kompyuta singatumize wapolisi kukapereka masamoni kwa mboni pa famu ngati galimoto ilibe mafuta. Singalembenso chifukwa choyimitsira mlandu ngati wolembayo sanafunsidwe kuti achilembe. Pa maulendo 15 aja, 11 akanaoneka opanda chifukwa pa kompyuta monga mmene alili pa pepala.

A Mwale

Ndionjezerepo za kanema uja. Kuonekera ali kundende kumapulumutsa mafuta ndi nthawi, koma kwa munthu wofuna womasulira ndi kovuta, chifukwa mawu amadukaduka, womasulira ali mbali ina iye ali mbali ina, ndipo zonse zimatha asanazindikire kuti dzina lake ndi limene laitanidwa. Pa tsiku la pempho la belo loya apemphe pasadakhale kuti bamboyo abwere naye kukhoti mwathupi, kuti athe kulankhulana naye asanalowe.

Naphiri

Mayi Nabanda, pa tsikulo ndikanakonda zinthu ziyende motere. Loya ayambe ndi kupempha kuti zilembedwe mu rekodi kuti woyimbidwa mlandu amamva Chichewa ndipo kalata yopempha womasulira inaperekedwa pa tsiku lakuti. Akatero apereke pempho la belo, ndi mndandanda wa masiku uja womata kumbuyo, wosanyoza aliyense, wongosonyeza tsiku ndi zimene zinalembedwa kapena sizinalembedwe. Womasulira akapanda kubwera, pempho la belo lisagwe nazo. Loya apemphe kuti mlandu uyimitsidwe kwa maola ochepa kapena mpaka mawa lake, osati masiku 14. Pomaliza adziwitse boma pamaso pa khoti kuti likadzalephera kupereka tsiku lozengera mlandu ulendo wotsatira, adzapempha kuti rimandi ikanidwe. Ambiri amafuna kuyamba ndi pempho limeneli, koma majisitireti savomera kawirikawiri ngati boma silinachenjezedwe, ndipo banja lidziwe kuti kukanidwa kwa rimandi si kupambana mlandu, popeza boma lingathe kudzamuyitananso ndi masamoni.

Nabanda

Akuluakulu, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Womasulira Chichewa anabwera, ndipo woyang'anira omasulira anatiuza kuti kalata yathu inali pempho loyamba lolembedwa limene analandira pa mlandu umenewu. Wapolisi wofufuza anali atakaona kale nyumba ya ku Norton. Woyimira boma anatsutsabe belo ponena za abale a ku Malawi, koma majisitireti anavomera kuti zinthu zasintha, ndipo m'chigamulo chake anatsamira kwambiri pa nyumba, pa alamu aja ndi pa kutalika kwa nthawi; za unzika anangonena kuti kalata ya kubadwa yaonetsedwa ndipo boma silinaitsutse. Bamboyo watuluka, aziwonekera kupolisi kamodzi pa sabata ndipo asayandikire famuyo. Boma lapereka tsiku lozengera mlandu mwezi wamawa, koma masitetimenti a mboni sitinalandirebe. Chimene chatsala pamtima panga ndi sitetimenti ya chala ija, chifukwa ndikuona kuti boma lilibe umboni wina wolimba kupatula imeneyo.

A Mbewe

Mwagwira ntchito, Mayi. Popeza sitetimentiyo sinatsimikizidwe pamaso pa majisitireti pansi pa gawo 113 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu, udindo wosonyeza kuti inaperekedwa mwaufulu ndi mosakakamizidwa ukadali pa boma malinga ndi gawo 256, ndipo loya ayenera kuitsutsa isanawerengedwe, kuti khoti liyambe lazenga kamlandu kapadera ka mmene inalembedwera. Asiyanitse bwino zinthu ziwiri, chifukwa kunena kuti anandikakamiza ndi kunena kuti zimene zalembedwazo sindinanene ndi madandaulo osiyana, ndipo bamboyu akuoneka kuti ali pa lachiwirili, pamodzi ndi funso lakuti ufulu wake wokhala chete ndi wopeza loya anamufotokozera m'chilankhulo chanji. Musamuphunzitse choyankha. Mukhale naye pansi pano pamene ali kunja, afotokoze m'Chichewa zonse zimene zinachitika kupolisi, amene analipo, mafunso ankafunsidwa m'chilankhulo chanji, ndiponso ngati pepalalo anamuwerengera asanadinde chala, ndipo mulembe m'mawu ake omwe. Bambo Mwale akalola, amuwerengere sitetimenti ya apolisiyo m'Chichewa mzere ndi mzere kuti asonyeze pamene akuvomereza ndi pamene akukana.

Mufunsenso ngati pa famupo panali buku la alonda lolembamo zochitika usiku, komanso amene ankasinthana naye ulonda, ndipo ngati bukulo lilipo loya alipemphe kudzera kukhoti, osati bamboyo kapena mkazi wake kupita kukalitenga, chifukwa kutero kungaphwanye malire a belo. Kalata yopempha womasulira ilembedwenso ya tsiku latsopanoli, popeza yoyamba ija inali ya tsiku limodzi lokha, ndipo yokumbutsa za masitetimenti a mboni ipite sabata ino. Za kusintha chitupa ku ofesi ya kalembera apite ndi kalata ya kubadwa yeniyeniyo, koma muyambe mwasiya kope lotsimikizidwa mu failo ya loya.